Mvula ya M'chitini

"Mawa ukamutenge kusukulu," anatero bambo ake a Lefina, maso ali pa fodya amene ankasoka. "Iwe uzipita kuganyu, iye azilera Chikhumbo. Mwana wobwereza kalasi, woti aphunzitsi akamufunsa amangoti duu. Tikudikira chiyani?"

Sindinawatsutse. Tinali matenanti pa esiteti ina ku Lisasadzi, obwera kuchokera ku Phalombe, ndipo makuponi a feteleza ankangotidutsa ngati basi yodzaza. Chaka chimenecho mayi wina wa kutchalitchi anatitapirako pa thumba lake. Ine ndi Lefina tinathira ndi kachitsekerero ka botolo, phando ndi phando, m'kamunda kathu ka pamtsetse. Kenaka kunagwa chimvula, n'kukokolola zonse. Chimanga chinasanduka chachikasu, ndipo njala tinkachita kuiona ikubwera.

M'mawa mwake ndinabereka Chikhumbo, ulendo wa kusukulu, mawu ndili nawo kale pakamwa. M'kalasi ndinapezamo mabenchi okhaokha. Ana onse anali kuseri, ataunjikana pachulu, ndipo mphunzitsi wawo, mayi Mphepo, anaima poteropo nsapato zili m'manja.

"Ndabwera kudzatenga Lefina," ndinatero.

"Tadikirani pang'ono, mayi. Ali pantchito."

Ntchito yanji? Ndinamuona Lefina atagwada, yunifolomu ili matope okhaokha, ndipo mtima unandiwira. Zimenezi n'zimene ndinkamukalipira tsiku ndi tsiku: kumutuma kumadzi, iye n'kukhalira kuumba dongo panjira.

Ndinasendera. Pambali pa chulucho anali ataumba timinda tiwiri, tokwana mphasa imodzi. Kena mizere yake inkatsika motsata mtsetse, kena inali yopingasa. Anazikamo timaudzu ngati chimanga, n'kuwaza phulusa patsinde pa kalikonse.

"Sunganani, yeza ndi chikhatho, mipata ifanane," anatero Lefina kwa mnzake wina. "Ukabera, tinama."

Ndinacheuka kuti ndione wolankhulayo. Mawuwo anali a mwana wanga, koma ndinali ndisanawamvepo akutuluka choncho, osanjenjemera.

"Ndinamupeza akuumba yekha pa nthawi yopuma, ndiye ndinati tonse tituluke," anandinong'oneza mayi Mphepo. "Ayeza, awerengera, ajambula. Mawa alemba chimangirizo cha zimene aone."

Lefina ananyamula chitini chobowolabowola pansi, mnzake n'kuthiramo madzi a m'ndowa. "Uwu ndi munda wathu," anatero, akuloza wa mizere yotsika. "Tsiku la chimvula ndinabisala pansi pa mtengo, ndinaona mmene madzi ankayendera."

Mvula yake inayamba. Madzi anathamanga m'makwawa, nanyamula phulusa lija, n'kudzaliunjika pa zala za mapazi anga. Ine ndinali nditalira feteleza uja, nditadandaulira Mulungu, koma mwanayu anali atangoima n'kuyang'ana. Atasunthira ku kamunda kachiwiri, madzi anaima pakati pa mizere, akunyezimira, n'kumalowa pansi mwakachetechete. Phulusa silinasunthe. Ndinachita mantha okoma, onga a m'tchalitchi.

"Bwerezanso," anapempha kamtsikana kena.

"Madzi atha," anayankha mnzake.

Apo m'pamene Lefina anandiona. Zimene bambo ake ananena dzulo lake anali atazimva. Anatsitsa chitini chija pang'onopang'ono, napukuta manja pasiketi, n'kubwera kudzaima kumbuyo kwanga, manja atatambasula kuti alandire mwana.

Ndinadziwa kuti kunyumba kukavuta. Ndinakokera Chikhumbo m'mwamba, n'kumanganso chitenje molimba.

"Aphunzitsi, mjigo uli mbali iti?"

Anandilozera. Ndinatola ndowa yopanda kanthu ija, ndipo pobwerera ndinayenda mosamala, kuopa kutaya ngakhale dontho. Ndinapeza Lefina ataimirira pachulu, chitini chili m'mwamba, akundidikira.