Gwape, Rozi ndi Mivi ya a Vagn

Gwape wina anayamba kudya rozi wanga sabata yomwe boma linatsegula nyengo yosaka, ngati anachita kumva pa wailesi n'kubwera kudzatiyesa. Rozi ameneyu si wamba. Anadzalidwa ndi malemu mayi anga kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Skjern, maluwa ake ndi omwe ndinanyamula pa ukwati wanga, ndipo mwana wathu Dagny anali ataneneratu kuti pa ukwati wake mu Julaye safuna maluwa a m'sitolo, akufuna a agogo ake.

"Bambo, gwape akutha maluwa," ndinawauza amuna anga, a Vagn, akudya buledi wakuda ndi nsomba yam'botolo. "Itanani akulu anu a Ejnar abwere ndi mfuti."

Anaika foloko pansi. "Mfuti? Pakhomo pa munthu wa uta? Bodil, wandinyoza."

Uta ali nawodi, wautali ngati eni ake, ndipo mayeso a boma a kusaka ndi uta anakhoza. Koma chikhozereni, nyama ya uta umenewo sinalowepo m'poto mwanga.

"Ndiye kamulaseni."

"Mivi sinakonzeke."

Apa m'pamene panayambira mavuto anga. A Vagn amati muvi uli ngati nsapato, umayenera kukwana uta wake. Ndodo ya muvi ikafewa kwambiri imathawira kumanja, ikauma kwambiri imathawira kumanzere. Ndiye munthu amalasa ndodo yopanda nthenga pa mtolo wa udzu kuti aone khalidwe lake. Ikapita kumanja, amaidula pang'ono ndi sowo kuti iume. Tsiku lonse m'galaja munkangomveka kwee, kwee, kenako phu! pa udzu, kenako kutukwana. Akaidula mopyola, yauma, yapita kumanzere, basi aiponya mumgolo n'kutenga ina. Mgolo unadzaza, gwape nayenso akunenepa.

Pofuna kufulumizitsa ntchito, ndinakapempha nthenga za atsekwe kwa aneba. Anazisanthula ngati akusankha mpunga.

"Wasakaniza. Izi n'za phiko lamanja, izi n'za lamanzere. Muvi umodzi sunyamula mapiko awiri. Uzungulira mbali iti?"

"Uzungulire mbali iliyonse, bola ukafike pa gwape!"

Lamulungu lina kunabwera a Ejnar kudzamwa khofi. Anasuzumira mumgolo muja, naseka mpaka kutsokomola.

"Mng'ono wanga, watsegula sitolo ya nkhuni? Gwape ameneyu adzafa ndi ukalamba, ana ake adzamuika m'manda muno m'maluwa mwa alamu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero a Vagn, osatukula mutu.

"Ndionetsetse adathetsa nkhosa," ndinayankha. Sindinkaseka ine. M'mawa uliwonse ndinkapeza nsonga za nthambi zitadulidwa bwinobwino, masamba anthete atapita, ndipo mtima unkandiwawa ngati akudya mayi anga amene. Panatsala nthambi za kukhoma zokha, zomwe zinali zitayamba kutupa maluwa.

Tsiku lina ndinamva kukuwa m'galaja. Ndinathamanga poganiza kuti sowo yawadya. Ayi ndithu, anali atanyamula muvi m'manja awiri ngati khanda.

"Bodil, taona! Wapita chilunjikire. Osagwedeza mchira ngakhale pang'ono!"

Anaumata nthenga za phiko lamanzere zokhazokha, nachotsa kansonga kobulungira koyeserera, naikapo nsonga yeniyeni yosakira, ija yotambalala yokhala ndi mipeni m'mbali. Anainola mpaka inameta ubweya wapamkono pawo. Kuulasa pa udzu anakana, ati ibuntha.

M'mawa mwake, mame asanaume, a Vagn anali atabisala kuseri kwa mulu wa nkhuni, ine ndili pa zenera la kukhitchini ndi kapu ya khofi. Gwape anatulukira kunkhalango ngati mwini munda, nalunjika kukhoma kuja. Anaima chopingasa, nthiti poyera. Ngakhale ine ndikanamugenda ndi kapu.

A Vagn anadzuka pang'onopang'ono, nayamba kukoka nsinga. Koma paja muvi uja anali ataudula, n'kuudulanso, mpaka unafupika. Kansonga koyeserera kankadutsa pamwamba pa chala popanda vuto. Iyi ya mipeni, nsinga isanafike n'kutsaya komwe, inafika pa chala chogwira uta n'kuchicheka.

"Mayo ine!"

Muvi unagwera pamapazi pawo. Gwape anatukula mutu, duwa lili kukamwa, nawayang'ana. Anamaliza kutafuna kaye, ndiye n'kumapita, osathamanga n'komwe.

Ndinawamanga chala. Iwo anayamba kulankhula.

"Vuto ndaliona. Ndodo zikhale zotalikirapo, ndiye ndiyambirenso ku..."

"Khalani pansi, bambo."

Ndinakokera mgolo uja kukhoma. Ndodo zofewa, zouma, zothawira kumanja, zothawira kumanzere, zonse ndinazizika kuzungulira rozi, n'kulumikiza zina pamwamba, n'kumanga ndi nsinga zakale za uta, mpaka panaima khola lokhala ndi denga lomwe. Muvi wopita chilunjikire uja ndinauika pakhomo pake ngati mpiringidzo.

Gwape anabwera m'mawa wotsatira, nazungulira, nanunkhiza, nalowetsa mphuno, koma khosi linakana. Anabweranso kangapo, kenako anasamukira ku sitiroberi za aneba.

Maluwa anatuluka ochepa, koma anakwana dzanja la mkwatibwi. Dagny akulowa m'tchalitchi atawagwira pachifuwa, fungo lake linandipeza pa benchi, ndipo ndinalira osabisa. Ndinamva chigongono chikundigunda m'nthiti. A Vagn, atamuperekeza Dagny kuguwa n'kubwerera pampando, anandiweramira, chala chikadali ndi pulasitala.

"Waona, Bodil?" ananong'ona. "Ukanaitana mfuti ya Ejnar, mpanda ukanamanga ndi chiyani?"