Khobidi la a Fainala

Nkhani inabwera ndi anthu a kabaza: pamsika wa Nkhamenya pafika bambo wina wa ku Lilongwe, dzina lake Aloysius, wogula makobidi amene analakwika powapanga. Akuti alipo anthu osunga zinthu zachilendo amene amawalimbirana.

Amuna a m'mudzi sanafunse zambiri. Jeke yodindira mabelo a fodya inali ikungokhala, poti nyengo yodinda inali isanafike. Anayamba kuikamo makobidi n'kumapukusa mpaka khobidi litaphwatalala. A Cornelius, amuna awo a Fainala, anaphwanya odzaza dzanja.

"Amake Thoko, bweretsani lanu lija tiliwonjezere kupotoka," anatero a Cornelius.

"Ingolikhudzani muone," anayankha a Fainala. "Chigafa chikudontha, fodya wayamba nkhungu, inu muli kalikiliki kufinya ndalama ngati mutulukamo mafuta."

Khobidi lawolo linali la teni kwacha. Analilandira pa chenji cha mchere zaka zapitazo, wogulitsa tomato n'kulikana, iwo n'kuliponya m'kabotolo ka mafuta odzola. Njovu ya pakhobidipo inasendera m'mphepete, ndipo mbali inayo kunatsala malo osalala ngati mwezi wongooneka kumene. Tsopano a Fainala anali ndi chinthu chimodzi m'mutu: pulasitiki yofolera chigafa, fodya yense asanaole.

Tsiku la msika anam'peza Aloysius pakhonde la golosale, ali ndi kagalasi ndi kasikelo kakang'ono. Anali atabweza amuna onse, nkhope itachita tsinya.

"Mayi, za ku jeke ndathana nazo," anatero osadzutsa n'komwe mutu.

"Ndikuoneka ngati jeke ine? Tsegulani maso."

Anamasula mfundo ya chitenje n'kuika khobidi lawo patebulo. Kenaka anatambasula dzanja kwa a Cornelius, amene anaima kumbuyo akuyang'ana kumbali, n'kulanda limodzi la ophwanya aja.

"Ine sukulu ndinalekezera sitandade thu, koma fodya ndasankha kuyambira ndili mtsikana. Tsamba lobadwa lopunduka ndi tsamba lothyoledwa ndi munthu sizifanana. Lothyoledwa limakhala ndi bala. Onani ili la bambo akwathuwa. Njovu yafufutika, khutu palibe, m'mphepete mwang'ambika, chitsulo chasiyamo mano ake. Langali njovu ili ndi makwinya ake onse. Yangoima pamalo olakwika basi. Tembenuzani. Zakuseriko zasenderanso mbali yomweyo. Ndi jeke iti ingasunthe njovu osaiphwanya?"

Aloysius anatenga kagalasi kaja. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kuliyesa pasikelo pamodzi ndi khobidi labwinobwino. Kulemera kunali chimodzimodzi.

"Kachitsuloka kanalowa mokhota m'makina chidindo chikutsika," anatero pang'onopang'ono. "Posalalapa ndi pomwe chidindo sichinafike. Palibe pokalika, palibe popala."

"Nanga ine ndimati chiyani?"

Aloysius anatchula mtengo. A Fainala anatola khobidi lawo n'kuyamba kumanganso mfundo.

"Imeneyo mukagulire mandasi, achimwene. Mukuiona sitolo ya zomangira iyo? Muli mpukutu wa pulasitiki yakuda, yokhuthala ija, osati yomwe imang'ambika ndi mphepo. Ndikufuna umenewo."

"Mayi, mwina theka."

"Kwanu mvula imagwa theka la denga?"

Anthu amene anaunjikana pakhondepo anaseka. A Cornelius ananong'ona kuti, "Landirani, angasinthe maganizo." A Fainala ananyamula dengu lawo n'kuyamba ulendo, osathamanga, osacheuka. Anafika pa ogulitsa usipa, anafunsa mtengo, anautsutsa, ndipo ali mkati motsutsamo anamva Aloysius akuitana kumbuyo.

"Mayi, bwererani. Tiyeni kusitoloko."

"Ndi chingwe chomwe," anatero a Fainala. "Pulasitiki siimangidwa ndi malovu."

Madzulo a tsiku lomwelo mitambo inali itadera mbali ya ku Chisemphere. A Cornelius anali pamwamba pa chigafa, akukoka pulasitiki, akazi awo ali pansi manja m'chiuno.

"Kokerani kuno, kwatsala mpata. Tsinderani udzu pamwamba, ingauluke."

Madontho oyamba atayamba, a Fainala analowa m'chigafamo n'kuyenda mzere ndi mzere, akukhudza masamba. Ankhungu anali ochepa, a kungodya imodzi yokha. Anawachotsa, n'kuima kumvetsera mvula ikuwomba padenga. Pansi panali pouma.