Mphuno ya Yudasi

M'tauni yathu yaing'ono kuno ku Poland, Lachisanu Loyera lililonse pamakhala chidole cha Yudasi. Amalonga udzu wouma m'thumba, n'kuchikhwekhwereza pamsewu ana akuchikwapula ndi ndodo, kenaka n'kuchiyatsa moto ndi kuchiponya mumtsinje. Wosoka wake anali amayi. Chaka chino zala zawo zatupa ndi nyamakazi, ndiye amalume a Leszek anabweretsa thumbalo kwa ine.

"Jagoda, tenga singano. Mphuno ikhale yaikulu, yokhota ngati chikwakwa. Chipewa chakuda, ndi timatsitsi topotana m'mbali mwa makutumu. Aliyense aone kuti ndi Myuda."

Ine sindine wolankhulalankhula. Aphunzitsi akanditchula dzina m'kalasi, ndimangofuna kulowa pansi. Koma mwezi wathawu anapita nafe kunkhalango ya kuseri kwa njanji, padzenje pomwe asilikali achijeremani a chipani cha Nazi anaomberapo Ayuda a m'tauni muno pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndi makanda omwe. Anatiuza kuti chidanicho sichinayambe ndi mfuti. Kwa zaka mazanamazana anthu ankalalikira kuti Ayuda onse ndiwo anapha Yesu, ndipo mliri ukagwa ankawanamizira kuti athira poizoni m'zitsime. Anationetsanso chithunzi chonyoza Myuda chomwe a Nazi ankamata m'makoma. Mphuno yake inali yomweyi imene amalume ankaijambula m'malere ndi chala.

"Sindisoka," ndinatero chapansipansi.

"Wati chiyani? Kweza mawu, kambewa iwe."

"Ndati sindisoka, amalume. Petulo anali Myuda. Amayi Maria anali Myuda. Bwanji chipewachi mumangoveka Yudasi yekha?"

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kutembenukira kwa amayi. "Achemwali, mwamumva pulofesa wanuyu? Ndi udzu uwu, mtsikana! Udzu sumva kuwawa. Makolo athu ankachita zimenezi, palibe anafa."

"Palibe anafa? Nanga m'dzenje muja muli ndani?"

"Amenewo anaphedwa ndi Majeremani, osati ife."

"Ndikudziwa. Koma anthu a kuno amene ankangoonerera pamawindo Ayudawo akutengedwa anakula akumenya nkhope imeneyi chaka ndi chaka."

"Jagoda, basi," anatero amayi. "Awa ndi amalume ako."

Amalume anapinda thumba lawo. "Usankhe, ndiwe wathu kapena ndiwe wa m'mabuku." Thumbalo anakalipereka kwa mayi wina woyandikana nafe.

Lachisanulo ndinakhala m'nyumba, koma phokoso linandipeza. Tiana toti sitinayambe n'sukulu yomwe tinkakuwa kuti, "Menya Myuda! Menya Myuda!" Dzina la Yudasi sindinalimve n'kamodzi komwe. Akuluakulu ankajambula pa mafoni, akuseka. Ndinalira, koma sichinali chisoni. Mtima unkachita kuwira.

Lamulungu la Pasaka, tisanadye kadzutsa, timagawana dzira lodalitsidwa kutchalitchi. Amalume ndiwo amazungulira ndi mbale, kupatsa aliyense kachidutswa ndi mawu omufunira zabwino. Anapatsa amayi, azakhali, asuweni anga onse. Atafika pa ine anangodutsa ngati pampandopo palibe munthu. Amayi anangoweramitsa mutu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa za amalume.

Ndinaimirira n'kudzitengera ndekha kachidutswa m'mbalemo.

"Khristu wauka, amalume," ndinatero.

Anangotembenuka ndi mbale yawo. Mpaka lero ndikawapatsa moni pamsewu amayang'ana kumbali.