Chithunzi cha Mkono wa Felesiya

Dzanja lamanja la Felesiya linayamba kukana ntchito nyengo yosoka fodya ili pakati. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinaleka kutsina, zingano inkangopulumuka n'kugwera m'masamba. Apongozi ake, amene ankakhala nawo pa esiteti ina kuseri kwa Mitundu, anati ndi ulesi. Mwamuna wake Efulemu anali ku Joni chaka chachiwiri, ndiye womuikira kumbuyo panalibe.

Kuchipatala dokotala anamulowetsa m'chipinda cha sikani, chomwe chija amafolapo amayi oyembekezera. Anamupaka mafuta ozizira pamkono, m'munsi mwa chigongono, n'kumayendetsapo kachitsulo maso ali pakanema.

"Mukuona apa, mayi? Mtsempha wapanikizika pakati pa minofu. Ndi matenda, ndipo amachizika."

Felesiya anagwetsa misozi yachimwemwe. Anapempha chithunzicho kuti akawatseke pakamwa kunyumba. Akanadziwa! Pamzere paja anaonedwa ndi mlamu wake Rozina, mkazi wosasunga mawu m'kamwa, moti nkhani inafika pa esiteti mwiniwake asanatsike minibasi.

Anapeza amayi atadzaza pachigafa cha fodya. Apongozi analandira kapepala kakuda kamawangamawanga kaja, n'kukakweza m'mwamba. Aliyense pamenepo anakaonapo kotere, ndipo ankadziwa chimene kamatanthauza.

"Aka si kamutu aka?" anafunsa apongoziwo. Amayi anavomera onse. Rozina mpaka anaona kaphazi.

"Amayi, ndi mkono wanga umenewo," anatero Felesiya atagwada. "Tiyeni tikafunse adokotala."

"Mkono amaunikira pamakina a mimba? Mwana wanga ali ku Joni, ndiye mimbayi mwaitengera pafoni? Longedzani, muzipita kwanu ku Nathenje."

Analowa m'nyumba mtima ukuwawa, n'kuunjika zovala pachitenje. Anayesa kumanga mfundo, zala zinakana. Anayesanso ndi mano, koma mtolo unamasuka. Apongozi, amene anaima pakhomo, anayang'ana kaye kumbuyo ngati kuli womva, kenako anagwada pambali pake.

"Bweretsani ndimange ine," ananong'ona mokoma ngati akumupatsa madzi akumwa. "Ndi dzanja lakufalo simungathe. Ndinaliona kalekale, mwana wanga. Koma pano amene amadya ndi wosoka fodya yekha."

Anamanga mfundo yolimba bwino, n'kumusenzetsa.