Shuga wa m'Magazi a Obadiya

Chaka cha 2008 mashopu a ku Kwekwe ankagulitsa fumbi la pamashelefu. Ndiye chaka chimene Feston, wokumba golide ku Gaika, anasankha kuyamba kusanza magazi.

Kuchipatala namwino sanazungulire. "Magazi tilibe. Itanani abale."

Woyamba kupinda malaya anali Obadiya, mng'ono wake wa Feston, dikoni amene paukwati ndi pamaliro pomwe ankatamanda magazi a banja lawo, enieni a ku Dedza, kumene iye anali asanapondeko. Atamuyeza anapezeka kuti ndi AB. Feston anali O.

"Sizitheka, babamudiki," anatero kwa bambo ake aang'onowo Dorah, mwana wa Feston, yemwe ankaphunzira sayansi ku Gweru mpaka aphunzitsi ake atathawira ku Joni. "Pali jini imene timatengera kwa makolo."

"Jini? Ine wopemphera?"

"Osati ya mizimu. Ndi langizo la m'thupi. Limapangitsa enzaimu imene imamata shuga pamaselo ofiira a magazi. Inu muli ndi mitundu iwiri, A ndi B. Jini ya adadi simata kanthu, ndiye thupi lawo lingaone shuga wanuyo ngati mdani."

Obadiya anayang'ana mkono wake mwaulemu. "Ndakhala ndikupsa ndi dzuwa pamzere wa shuga, chonsecho ndikuyenda naye wamitundu iwiri?"

Dorah nayenso sanayenere, anali A ngati mayi ake. Anatuluka panja n'kukalira kuseri kwa thanki yopanda madzi.

Kumeneko anamupeza Enala, mayi wamasiye woyandikana nawo nyumba, wogulitsa tomato, amene makolo ake anachokera ku Tete. Obadiya sankamutchula dzina, ankangoti "Moskeni uja", dzina lonyozera anthu ochokera kumeneko. Enala anali atabweretsa phala la wodwala.

"Pukuta nkhope, mwanangu. Tiye akandiyeze."

Anali O.

"Mwamuyeza bwinobwino?" Obadiya ananong'oneza namwino. "Anthu amenewa sitiwadziwa."

"Tamuyeza, baba. Mukapeza wina wa ku Dedza pakhomopo mubwere naye."

Kale wopereka magazi ankapatsidwa chakumwa chozizira ndi mabisiketi. Enala anapatsidwa madzi theka la kapu ndi zikomo, nabwerera wapansi, Dorah atamugwira mkono.

Feston anachira, ndipo mvula isanagwe anali atabwerera kumgodi. Koma tsiku lopereka magazi lija dokotala anali ataletsa wodwala kudya, ndiye Obadiya, posafuna kuti chakudya chiwonongeke dziko lili pamavuto, anakhala pabenchi n'kumaliza phala lonse la Enala. Anati linachepa mchere.