Nkhongo ya Edson

"Mphuno yawo inali yotani, mayi?" anandifunsa aphunzitsi a Cyprian, khala lili m'manja.

Ndinayesa kuikumbuka, koma osatheka. Mwamuna wanga Edson anali atafera mumgodi ku Joni, ndipo kuno ku Nzama kunangobwera bulangete lake. Anandisiya ndili ndi pakati pa Enelesi. Mwanayo atayamba kuyankhula, ankati "ababa" kwa mwamuna aliyense wodutsa pamsewu, ndipo zinkandiwawa zedi. N'chifukwa chake ndinapita kwa a Cyprian, amene ankaphunzitsa zojambula pamishoni, kuti andijambulire nkhope ya bambo wake.

A Cyprian anali munthu wa zakezake. Utoto wa kusitolo ankaunyoza. Ankasakaniza katondo, mwaye ndi utomoni m'mapale, ndipo ankati dzanja lawo silijambula bodza.

Tinayesa ndithu. Ndikati maso aakulu, pathabwa pankatuluka mlamu wanga Silvester. Ndikati masaya olowa, pankatuluka akatekisiti. Aphunzitsiwo ankangofufuta ndi mkono wa malaya. Manyazi ake! Mwamuna wangawanga, nkhope yake itandithawa m'mutu ngati ya mlendo wopempha madzi.

Tsiku lina anaika khala pansi. "Lekani kundipangira munthu, mayi. Mukatsinzina mumaona chiyani?"

Ndinatsinzina, misozi n'kuyamba. Ndinawauza kuti ndimaona m'mawa umene Edson ankapita kukakwera lole ya Wenela, kampani yotengera anthu kumigodi: akutsetsereka m'munda wa kachewere, bokosi la malata paphewa, khosi litapendekera kumanzere, chigamba chosoka ine pamsana. Sanacheuke. Amuna akwathu ankati wocheuka popita ku Joni sabwerako. Iye sanacheuke, komabe sanabwere.

"Ndiye tijambula zomwezo," anatero.

Pambuyo pake a Cyprian anatchuka, anapita ku Uganda kukaphunzitsa kusukulu ya ukachenjede, ndipo tinamva kuti anamwalirira komweko. Ena amawakumbukira ndi zithunzi za oyera mtima. Ine ndimakumbukira tsiku limene anabweretsa thabwa lija atalikulunga m'chiguduli. Anali Edson ndithu, ngakhale apongozi anga anamuzindikira ndi kapendekedwe ka khosi, n'kulira mokweza.

Ndinamuitana Enelesi. "Abambo ako awa."

Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analigwira ndi manja onse awiri, n'kulitembenuza pang'onopang'ono kuti aone nkhope kuseri.