Zimene Lorna Analemba za Bambo Ake

Lorna Pelletier anasiya ntchito yake ya kulaibulale mumzinda wa Duluth bambo ake atayamba matenda oiwala. Pa intaneti ankalemba za sitima zonyamula miyala ya chitsulo panyanja ya kumeneko, zomwe ankazikonda kuyambira ali mwana, koma owerenga anali ochepa. Tsiku lina analemba mmene bambo ake anasokerera m'sitolo atavala zogonera. Nkhaniyo inafika kutali. Anthu anayamba kulipira mwezi ndi mwezi kuti aziwerenga zolemba zake, ndipo ankangofuna za mkuluyo basi.

Mmawa wina mchimwene wake Gordon analowa osagogoda, chipale chofewa chili pamapewa.

"Akazi a abusa andiimbira," anatero. "Akuti unawafunsa ngati ungatchule dzina la tchalitchi. Ukufuna kulemba za Lamulungu lija?"

Lamulungu limenelo bambo awo anadzikodzera pabenchi, nyimbo ili mkati.

"Ndalemba kale," Lorna anayankha. "Kwangotsala kutumiza."

"Wapenga iwe? Munthu anayendetsa basi mumzinda muno moyo wake wonse, aliyense amawadziwa!"

"Nanga mayi amene amabwera kudzawasambitsa amalipidwa ndi ndani, achimwene? Inu mumangotulukira pa Khirisimasi ndi keke ya m'sitolo."

"Bwerera ku sitima zako zija."

"Sitima sizigula matewera."

Gordon anatambasula dzanja kuti atseke kompyuta. Lorna anaigwira mwamphamvu, wina akukankha, wina akukoka, mpaka kapu ya khofi inagwa n'kusweka.

"Mukulimbirana chiyani?"

Bambo awo anali ataima pakhomo la kukhitchini, juzi atavala chotembenuza. Anayang'ana Gordon ngati mlendo, n'kuloza Lorna. "Mwana wanga uyu, amalemba mabuku. Tawerenga ndimve, mama."

"Eya, awerengere," anatero Gordon motsitsa mawu. "Ngati mulibe cholakwika, awerengere."

Lorna anayamba. Anawerenga za mkulu wina wovala tayi yofiira, amene anaiwala mayina a ana ake koma nyimbo za m'tchalitchi ankaziimba zonse osaphonya. Bambo ake ankagwedeza mutu, akumwetulira. Atafika pa mzere wa benchi, anasiya kuwerenga.

"Kenako?" bambo ake anafunsa. "Zinamuthera bwanji mkuluyo?"

Gordon sanachotse maso pa mlongo wake.

"Anapita kwawo, bambo," Lorna anayankha.

"Anachita bwino. Kunjaku kukuzizira."

Sabata imeneyo Lorna sanatumize kalikonse. Owerenga ena anadandaula, ena anasiya kulipira, ndipo mayi wosambitsa uja anachepetsedwa masiku. Gordon anatenga Lachisanu ndi Loweruka kuti aziwasambitsa bambowo. Tsiku loyamba anatuluka m'bafa malaya atanyowa, n'kukakhala m'galimoto nthawi yaitali, injini osailiza.

Nkhani ya kutchalitchi ija Lorna sanaifufute. Idakali m'kompyuta, ndipo Gordon akudziwa.